Masiku 6 ku Eswatini ndi chikwama cha kumsana, atatu ndinagona ku Mlilwane

Tiyamike: Moni nonse pagulu pano. Ndinalonjeza kuti ndikabwerako ndidzafotokoza, ndiye ndafika dzulo usiku, miyendo ikadali yolemera. Ndinanyamuka ku Joni m'mawa pa kombi ya pafupi ndi Park Station, ndili ndi chikwama chimodzi cha kumsana, m'katimo zovala zochepa, bulangete laling'ono, kapoto ndi ufa wanga. Tinadikira kuti idzaze, kenaka maola pafupifupi 5 tili pa boda ya Oshoek, imene mbali ya Eswatini amaitcha Ngwenya. Usiku woyamba ndinagona ku Mbabane, atatu ku Mlilwane, womaliza ku Manzini. Za Mbabane ndi Manzini ndinena pang'ono chabe, chimene chandigwira mtima ndi Mlilwane, malo osungira nyama zakutchire. Abale anga, ndayenda wapansi, ndekha, mbidzi zikudya msipu chapafupi ngati ng'ombe za kwathu ku dambo. Chibadwire sindinaonepo zotere.

Mai a Dalitso: Takulandirani asisi. Koma nokha ndithu? Mtima wanga wathamanga pongowerenga.

Chiko: Eswatini ndi Swaziland yomwe ija?

Tiyamike: Yomweyo achimwene. Mfumu Mswati III inasintha dzinalo mu Epulo 2018, chaka chimene dzikolo linakwanitsa zaka 50 lili pa ufulu. Linalandira ufulu mu 1968, zaka 4 pambuyo pa ife. Ndi kadziko kakang'ono, makilomita pafupifupi 17,000 mbali zonse, anthu ake ongopitirira miliyoni imodzi. Pa kombi umatha kudzuka kumapiri kozizira, masana uli kuchigwa kotentha kuminda ya nzimbe. Mai a Dalitso, ndekha inde, koma kumalo ogona a anthu azikwama sukhala wekha. Mumaphikira khitchini imodzi, mumaotha moto umodzi.

Kondwani wa thiraki: Ndilowererepo msanga anthu asanayambe kulongedza. Msewu umenewo ndimadutsa ndi katundu. Pasipoti ya Malawi ku Eswatini safuna viza, amakupatsa masiku 30. Koma vuto silili kwa iwo, lili potuluka ku South Africa. Ngati masiku ako anatha kale, pa Oshoek pomwepo akudinda kuti ndiwe wosafunika. Ukapyola ndi masiku osakwana 30 amakutsekera chaka, ukapyola kwambiri zaka 5. Ndaonapo mayi wina akulira pa boda, ana wawasiya ku Germiston, ankangoti akukacheza Loweruka ndi Lamulungu. Amene mapepala ake sali bwino, ulendo uwu si wake, ayambe wakonza kaye.

Tiyamike: Zoona zimenezo a Kondwani, zikomo. Ine pemiti yanga ili bwino, n'chifukwa chake ndinadutsa mosavuta.

Kondwani wa thiraki: China ndi ndalama. Yawo ndi lilangeni, zambiri amati emalangeni, ndipo mphamvu yake ndi yofanana ndendende ndi randi. Randi ya pepala amalandira paliponse, musavutike kusintha. Koma chenji amakubwezerani ya kwawo, ndipo imeneyo mukaoloka nayo kubwerera ku Joni palibe sitolo imene ingailandire. Muzimalizira konko.

Yamikani: Ine ndifunse mosapsatira. Ndakulira ku Liwonde, njovu zinkatidyera chimanga. Malo amene munthu akuyenda yekha opanda mlonda wa mfuti, ndi nkhalango imeneyo kapena ndi famu yoweta nyama? Mkango ulipo? Njovu ilipo?

Tiyamike: Mkango kulibe, njovu kulibe, ndipo sanamiza munthu kuti ziliko. N'chifukwa chake amalola kuyenda wapansi, kupalasa njinga kapena kukwera hatchi. Mukafuna mikango, njovu ndi zipembere mumapita ku Hlane, kum'mawa kuchigwa, ndipo zipembere ziliponso ku Mkhaya. Malo atatu onsewa amayendetsedwa ndi bungwe limodzi la Big Game Parks. Ndipo mwalasa ponena za famu a Yamikani, chifukwa Mlilwane inalidi famu. Inali ya banja la Reilly, ndipo kale ankakumbapo miyala ya tini. Ted Reilly, amene anabadwira pomwepo, ataona kuti nyama zatha m'dzikomo anasandutsa famu ya makolo ake kukhala malo osungira nyama kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Mfumu Sobhuza II ikumuthandiza. Nyama zambiri anachita kukazigwira kwina n'kuzibweretsa. Lero malowa ndi mahekitala 4,560.

Yamikani: Ndiye mwandivomereza. Nyama zochita kubweretsa pa lole.

Mphatso ku Leeds: Achimwene, nanga za ku Majete zinabwera pa chiyani? African Parks isanalowe mu 2003 m'mene muja munali mutatheratu. Zipembere, njovu, mikango, zonse zinabwera pa magalimoto ndi ndege. Lero palibe amene amati Majete ndi famu.

Yamikani: Majete ndi yaikulu, nyama zimadyana zokha, umamva kuti uli m'tchire. Koma pamenepo mwandigwira, sindikana.

Tiyamike: Ndilongosole tsiku lachiwiri, mwina mumva chimene ndikutanthauza. Ndinadzuka kusanache, kuli chisanu choti mano kugundana, chifukwa Julayi kumeneko sasewera. Ndinatuluka ku Sondzela, malo ogona a anthu azikwama amene ali m'kati mwenimweni mwa mpanda, n'kutsata kanjira kopita ku kampu yaikulu. Nkhungu inali itagona m'chigwa. Ndisanayende patali ndinamva kufwenthera, kucheuka ndi nyumbu, gulu lonse landiyang'ana. Ndinaima. Nazo zinaima. Ine ndinazolowera kuona nyama ndili m'galimoto, galasi lili pakati, dalaivala akuti jambulani msanga tizipita. Apa panalibe galasi. Ndinkamva fungo lake, ndinkamva udzu ukudzulidwa. Yaimuna ina inapukusa mutu, inaponda pansi kawiri, ndipo ndinadziwa ndekha kuti ndayandikira kwambiri, ndinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Palibe anandiuza, thupi lokha linamva. Agogo anga ankasimba kuti ali mtsikana ankakumana ndi nyama popita kotunga madzi, ndipo ndinkazimva ngati nthano. M'mawa umenewo ndi pamene ndinamvetsa zimene ankanena, kuti nyama nayo ili ndi malire ake ndipo imakuuza.

Mai a Dalitso: Mwandikumbutsa mayi anga malemu. Ankati ukakumana ndi nyama usayambe ndiwe kuthamanga.

Mphatso ku Leeds: Nyumbu ku Malawi zinatha kalekale, ana athu amangozidziwa m'mabuku a sukulu. Asisi mwaona chinthu chimene kwathu n'chosowa.

Tiyamike: Ndipo zipsera za mgodi zikuonekabe. Pali maenje ndi zigwembe zofiira zimene madzi okumbira tini anasiya, pena mitengo ya bulugamu yambirimbiri imene si ya kumeneko. Sanabise. Koma m'makoma a zigwembe zomwezo mbalame zaboola timaenje n'kumaswera momwemo. Zimenezo zinandikhudza kuposa mbidzi, chifukwa ndinaganiza za mapiri a kwathu amene tawameta ndi makala. Dothi loti linaonongeka chotero likhoza kudzukanso, ndaziona ndi maso anga.

Chiko: Nanga zoopsa palibiretu? Ndikufuna ndidzapite ndi ana pa holide.

Tiyamike: Zilipo. Mu damu muli ng'ona, ndinaona ziwiri zikuothera dzuwa pa kachilumba, zazikulu ndithu. Pali zikwangwani zochenjeza za ng'ona ndi mvuu, ngakhale mvuu ineyo sindinaione. Ana musawalole kuyandikira madzi ngakhale pang'ono. Kukada saloleza kuyendayenda m'tchire. Njoka ziliko ngati tchire lililonse. Koma chimene chinandipeza ine ndi nkhupakupa. Madzulo posamba ndinapeza ziwiri kuseri kwa bondo. Valani buluku lalitali, mulowetse m'masokosi, ndipo madzulo aliwonse muwayang'ane ana thupi lonse.

Mai a Dalitso: Pa nkhupakupa ndiwonjezere monga namwino. Zimapatsa malungo ake ake, osati a udzudzu. Pakapita masiku ngati sabata mutu umawawa kwambiri, thupi kutentha, ndipo pamene inaluma pamachita kachilonda kakuda pakati. Ambiri amathamangira LA poganiza kuti ndi malungo wamba, osachira. Mukapita kuchipatala nenani kuti munali kutchire ndipo muwaonetse kachilondako, mankhwala ake ndi ena. Asisi Tiyamike dziyang'anireni masabata awiri akubwerawa.

Tiyamike: Ndamva mayi, ndichita zimenezo.

Amalume Ngozo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma tsopano ndilankhule. Mwana wanga Tiyamike, kodi ukudziwa kuti waponda kwathu? Ife Angoni a kwa Gomani, a Maseko, makolo athu anachokera m'dziko limenelo, m'chigwa cha mtsinje wa Usutu, eni ake amati Lusutfu. Anathawa nkhondo za nthawi ya Shaka. Anayenda, kuoloka Zambezi, mpaka kukafika ku Songea m'dziko la Tanzania ali ndi Mputa. Kumeneko zinthu zitavuta anabwerera ndi Chidyaonga n'kudzakhazikika ku phiri la Domwe, ndipo pambuyo pake ufumu unapita kwa Chikuse. Ndife tili ku Ntcheu ndi Dedza lero. Chaka chilichonse pa Umhlangano ku Nkolimbo timatchula dziko limenelo, koma ine ndi imvi zangazi sindinalionepo.

Tiyamike: Amalume, ndachita tsemwe. Ndinakumana ndi a Maseko kumeneko! Mayi wina wogulitsa mapeyala mu msika wa Manzini atamva kuti ndine wa ku Malawi anandiuza kuti mfunda wake ndi Maseko, ndipo anamvapo kuti abale awo ena anapita kumpoto kalekale. Ine sindinazitengere, ndinangoseka naye. Ndikanadziwa ndikanakhala pansi n'kumufunsa bwino.

Amalume Ngozo: Ukanamupatsa moni wa ife. Chingoni tinachitaya, tinakwatira Achewa ndi Antumba, ana anatenga chilankhulo cha amayi awo. Chatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina basi. Koma dzina la malo wagonawo ndalimva ndisanauzidwe. Umlilo ndi moto. Mlilwane ndi kamoto.

Tiyamike: Ndi momwemo ndithu! Anatifotokozera kuti ndi kamoto, chifukwa cha moto umene mphezi zimayatsa pa phiri la pamenepo nthawi ya dzinja. Ndipo mawu ambiri ndinkawatola. Mvuu amati imvubu, njovu indlovu, ng'ona ingwenya. Mfumu amaitcha Ingwenyama, ndiye kuti mkango, ndipo mayi wa mfumu ndi Ndlovukati, njovu yaikazi. Amene mumalankhula Chizulu cha ku Joni simungasowe, Siswati ndi chapafupi kwambiri. Sawubona, yebo, ngiyabonga, anthu amasangalala ukayesa.

Chiko: Zakudya bwanji? Ana anga popanda nsima sagona.

Tiyamike: Sadzavutika. Nsima yawo amati sishwala. Pali emasi, chambiko chenicheni. Ndipo tsiku lina ku Manzini anandipatsa ndiwo amati umbidvo wetintsanga, kulawa ndi nkhwani wotendera! Ndinadya ngati ndili pakhonde kwa mayi anga ku Zomba. Ku Mlilwane ndinkaphika ndekha. Gulani zonse ku Ezulwini kapena ku Malkerns musanalowe, chifukwa m'kati kasitolo n'kakang'ono ndipo kuchoka pa msewu waukulu kufika pa geti ndi kamtunda ndithu ukasenza chikwama. Pa kampu yaikulu pali malo odyera amene anamangidwa moyang'ana dziwe, pali timanyumba ta udzu tozungulira ngati ming'oma ya njuchi, ta chikhalidwe chawo, komanso malo okhomera tenti. Ine ndinagona chipinda cha anthu ambiri chifukwa ndicho chotchipa. A Chiko, inu ndi ana tenti ingakukomereni. Ndikutumizirani malisiti anga onse kumbali muwerengere nokha.

Chiko: Zikomo kwambiri asisi.

Tiyamike: Ana adzasangalala ndi njiri. Zimabwera pa moto wa pakampu, kugwada ndi mawondo akutsogolo, zina kugona pafupi ndi phulusa kumaotha limodzi ndi anthu. Aboo nawo amadutsa pakati pa matenti, omwe aja a ku Lengwe amene kwathu umachita kuwabisalira pa dziwe kuti uwaone. Koma musazipatse chakudya ndipo musazigwire, mano a njiri ndi mipeni.

Limbani: Pepani ndisokoneze chisangalalo. Ndinaphunzitsapo kumeneko zaka ziwiri, ndipo sindingamve anthu akutamanda dzikolo popanda kunena mbali inayo. Zipani za ndale zinaletsedwa mu 1973 ndi Sobhuza II, ndipo mpaka lero sizipikisana pa chisankho, anthu amaima payekhapayekha m'dongosolo la tinkhundla. Mfumu ndiyo imasankha nduna yaikulu. Mu Juni ndi Julayi 2021 achinyamata anachita zionetsero zofuna kusintha, anthu ambiri anaphedwa. Mlendo amaona mapiri okongola ndi anthu aulemu, koma umphawi kumidzi ndi waukulu. Ngakhale nkhani ya nyamayi ili ndi minga. Lamulo lawo la nyama analikhwimitsa mu 1991 zipembere zitatsala pang'ono kutha, wopha nyama yotetezedwa ndi ndende basi popanda faindi, ndipo alonda anapatsidwa mphamvu zambiri. Zipembere zinapulumuka, inde. Koma mabanja oyandikana ndi malo osungira nyama akhala akudandaula za abale awo owomberedwa powaganizira kuti ndi opha nyama. Loya wina wa konko, Thuli Makama, analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2010 chifukwa cholimbana ndi nkhani zimenezi.

Yamikani: Apa ndiye mwafika pamene pamandipweteka ine. Mpanda umakoma ukakhala m'kati ndi kamera. Ukakhala kunja, nkhuni ulibe, ndiwo ulibe, nyama ikudya msipu pamene agogo ako ankalima, umauona mwina. Ku Liwonde mpanda wa magetsi unatithandiza, njovu zinachepa m'minda, sindinama. Koma funso la amene akudya phindu silimatha.

Tiyamike: Sindikutsutsa ngakhale limodzi a Limbani, ndipo ndikuthokoza kuti mwanena. Mu kombi ya ku Manzini ndinayesa kufunsa mnyamata wina za 2021, anangoyang'ana pawindo n'kusintha nkhani. Ndinamva kuti ndafunsa pamalo polakwika ndipo ndinasiya. Chimene ndinganene ndi chimene ndinaona. Loweruka ku Mlilwane kunadzaza Maswati eni ake, mabanja akuotcha nyama, ana a sukulu atabwera pa basi, osati azungu okhaokha. Ogwira ntchito amene ndinacheza nawo anali a midzi yapafupi. Sizikufafaniza zimene mwanenazo. Koma mwana wa m'dzikomo akuona mbidzi ndi maso ake pa mtengo umene kholo lake lingakwanitse, ndipo chimenecho ndimachifunira ana a kwathu.

Limbani: Pamenepo tikugwirizana. Ndimangofuna opitawo apite maso ali otsegula, ndipo asakayambitse nkhani za mfumu m'makombi. Inu mubwerera, amene mwamufunsayo atsala.

Mphatso ku Leeds: Kwathu zoyenda wapansi pakati pa nyama ziliko, kungoti sitizidziwa. Ku Kuti, ku Salima, umayenda kapena kupalasa njinga pakati pa mbidzi chifukwa kulibe zilombo zolusa. Ndinapitako ndi ana anga titabwera ku holide, ndipo Amalawi tinali ochepa. Timaona ngati zimenezi ndi za alendo.

Mai a Dalitso: Si kusafuna kokha a Mphatso. Munthu uli ku Joni, randi iliyonse ili ndi dzina kale, fizi, feteleza, malata. Ukati ndikaone mbidzi, kumudzi amva bwanji?

Tiyamike: Ndinalimbana nalo funso limenelo miyezi itatu mayi. Zaka 7 ndili kuno, tchuthi chilichonse ndi basi ya ku Malawi nditasenza katundu wa anthu, kubwerera nditatopa kuposa popita. Ulendo uno feteleza ndinatumiza kaye, kenaka ndinasunga pang'onopang'ono. Ndalama yambiri inapita ku thiransipoti, zogona ndi chakudya sizinandilemere chifukwa chophika ndekha. Tsiku lachitatu ndinakwera phiri la Nyonyane, limene lili m'kati momwemo, lalitali mamita opitirira 1,100. Amati kale olakwa ankawaponya kuchokera pamwamba pake. Kukwera ndi kutsika kunanditengera pafupifupi tsiku lonse, kumapeto kwake n'kokwawa ndi manja. Nditafika pamwamba chigwa chonse cha Ezulwini chinali pansi panga, Lobamba kumene kuli nyumba ya malamulo ndi mudzi wachifumu, minda ya zinanazi cha ku Malkerns. Ndinakhala pa mwala ola lathunthu osalankhula ndi munthu, foni ili m'chikwama. Zaka 7 sindinakhalepo chete chotero.

Kondwani wa thiraki: Okwera phirilo nyamukani m'mawa ndipo nyamulani madzi okwanira. Miyezi ya mvula mphezi za kumeneko si zocheza, masana mitambo ikayamba kuda tsikani. Ndipo amene mudzayende pa galimoto yanu, potsika Malagwane kuchoka ku Mbabane gwirani mabuleki bwino, chitsikireni chija chatenga anthu ambiri.

Amalume Ngozo: Tiyamike, pamwamba pa phirilo Lusutfu amaoneka?

Tiyamike: Mtsinje umene uli pafupi ndi Lusushwana amalume, Usutu wamng'ono, umene umakathira mu Lusutfu. Waukuluwo uli chakumwera pang'ono, kupitirira Malkerns. Pa kombi si patali.

Amalume Ngozo: Ndiye ndimvereni ana anga. Pasipoti yanga ili ndi zaka zitatu isanathe, ndipo mwana wanga wa ku Benoni wakhala akundiitana. Ndikabwera ndikufuna wina andiperekeze ndikaime m'mbali mwa mtsinje umenewo, ndikasambe m'maso, nditengeko kadothi ndikaike pa manda a bambo anga ku Lizulu. Phiri sindingakwere, mawondo anakana. Koma pa moto wa njiriwo ndikhoza kukhala.

Kondwani wa thiraki: Amalume, galimoto yaing'ono ndili nayo, anthu anayi amakwana. Mafuta tisonkherana.

Chiko: Ine ndi ana awiri tadzaza kale mipando. Tipeze galimoto yachiwiri.

Tiyamike: Ine ndibwereranso, ndipo ndikudziwa pamene mayi Maseko uja amakhala mu msika wa Manzini, mzere wa zipatso chakumapeto. Amalume mukalankhule naye nokha. Kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala kumakhala Umhlanga, mwambo wa gule wa atsikana onyamula mabango, ku mudzi wachifumu wa Ludzidzini, malo ogona amadzaza msanga, ndiye tisankhe, tipite nthawi imeneyo kapena tidikire udutse?

Amalume Ngozo: Nthawi imeneyo ndimakhala ku Ntcheu, Umhlangano sindijomba. Ikani Okutobala.

Yamikani: Okutobala ndili pa tchuthi. Mundisungire mpando, ndikaone ndekha famu imeneyi.

Mai a Dalitso: Amene akupita alembe mayina pansipa, ndipo aliyense ayang'ane deti la pa pemiti yake lero lomwe asanalembe.